Masiku anayi chifukwa cha kope la manambala

Anandigwira Lachiwiri m'mawa ku Muthaiga, mumzinda wa Nairobi, nditaima tsidya lina la msewu, maso ali pa geti la ofesi ya akazi anga. Mlonda wa nyumba ya kazembe wina pafupi pomwepo ndiye anaitana apolisi. M'thumba mwanga anapezamo kope lodzaza manambala: 2D30, 2D63, 2D53, 2D4D, mpaka tsamba lomaliza.

Ndifotokoze za kopelo. Akazi anga amatayipa ku bungwe lomasulira timabuku ta zaumoyo. Kunabwera mkulu wina wa ku Moroko, wamadigiri awiri, wonunkhira bwino. Anayamba kuwaphunzitsa zilembo za mtundu wake, zotchedwa Tifinagh, timizere ndi timagudumu. Mauthenga ake ankafikanso pa kompyuta yathu yakale kunyumba ku Donholm, koma ine ndikatsegula ndinkangoona timabokosi. Akazi anga ankawerenga pa foni n'kumamwetulira. Ine ndikawalembera amangoyankha kuti "chabwino."

Ntchito yanga ndi yosindikiza, ndiye ndimadziwa kuti m'bokosimo muli kanthu. Chilembo chilichonse m'kompyuta chili ndi nambala yake imene dziko lonse linagwirizana. Bokosi limangotanthauza kuti makinawo alibe chithunzi cha nambalayo. Za Tifinagh zonse zimayamba ndi 2D. Ndinkafufuza bokosi limodzilimodzi n'kulemba nambala yake, miyezi iwiri yathunthu. Zilembo ndinazipeza, koma chinenerocho ayi. Ndinangodziwa liwu limodzi, azul, kutanthauza moni.

Kupolisi anandikhazika pansi.

"Wewe Mmalawi, wakutuma ndani? Awa ndi manambala a magalimoto a kazembe?"

Ndinafotokoza kawiri. Kachitatu ndinawafunsa ngati kusukulu anapitako. Zimene zinatsatira sizinatenge nthawi yaitali. Khutu lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

M'selo tinalimo ambiri, ndowa imodzi. Koma chimene chinkandidya sichinali ndowa. Ikakwana nthawi ya tiyi ndinkawaona awiri aja mumtima mwanga, mitu itayandikana pa kompyuta imodzi, popanda wowayang'ana kutsidya kwa msewu.

Lachisanu masana anandiitana. Muofesi ya wapolisi munali akazi anga, maso ofiira, ndi mkulu uja.

"Abambo, palibe wina angawerenge zimenezi," anatero akazi anga. "Kaya mukufuna, kaya simukufuna."

Mkuluyo ananditchula kuti m'bale wake, n'kundipatsa botolo la madzi. Ndinamwa, ludzu linalipo. Anatsegula kompyuta yake, n'kumatayipa manambala anga, zilembo n'kumatuluka bwinobwino. Anandiyamikira kuti sindinaphonye ngakhale imodzi. Kenako anayamba kumasulira: "Moni. Sambani m'manja musanadyetse mwana. Moni. Tsamba lachitatu mwalakwitsa mutu."

Wapolisi anaseka mpaka kugwira tebulo. "Madala, masiku anayi chifukwa cha sopo?"

Atafika tsamba lachisanu ndi chiwiri, mkulu uja anaima, n'kutsokomola, n'kunena kuti, "Zikomo pa ntchito." Mzere umenewo ndinaukopera ndekha. Unali wautali, unanditengera Lamulungu lonse. Akazi anga anali kuyang'ana pansi.

Ndinatsegula pakamwa, koma wapolisi anali atatenga kale cholembera. Ndikanati mboni yanga ikunama, ndikanabwerera kundowa kuja, mwina miyezi. Ine amene ndinatukwana wapolisi m'maso, ndinatseka pakamwa n'kusaina. Kope anatsala nalo apolisi.

M'matatu, minibasi ya kuno, akazi anga anangoti, "Mukanangondifunsa."

Amene sanagonepo m'selo amaganiza kuti ufulu amakupatsa wonse pakhomo. Wanga ndinautenga povomera mawu a munthu amene sindimukhulupirira. Ndimayenda mu Nairobi muno popanda wondiimika, ndimadya ndi akazi anga mbale imodzi. Za mzere uja sindinawafunse. Angandiyankhe bwino ndithu, ndipo ndingasainenso.