Kugogoda kwa Chisanu ndi Chiwiri

A Kurumada Sakuji alondera phiri la kumtunda kwa mudzi wawo kwa zaka makumi anayi. Kukatentha amalima mpunga. Chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chikagwa, ntchito yawo ndi chipata cha pamwamba penipeni, pomwe njira yosalazidwa imathera ndipo anthu otsetsereka pachipale ndi matabwa kumapazi amatulukira kupita kutchire. Kiyi yake imakhala m'khosi mwawo.

M'mawa uliwonse amakumba dzenje lofika m'chiuno, n'kudula chipale ngati njerwa yoimika. Amaika fosholo pamwamba pake n'kuyamba kugogoda: kakhumi ndi dzanja lokha, kakhumi kuyambira pachigongono, kakhumi ndi phewa lonse. Njerwayo ikapirira amatsegula. Ikathyoka msanga satsegula, poti chipale chingagumuke n'kukwirira anthu.

Chaka china chipale chinagwa masiku atatu osapuma, kenako kunacha kowala. Anthu oposa makumi awiri anaunjikana pachipata, matabwa ali kumapazi, koma chinali chotseka. Posakhalitsa anafika Mayi Ogino, woyang'anira watsopano wa malo otsetserekerawo, mwana wa mnzawo wa a Sakuji amene anamwalira.

“Amalume, anthuwa achokera kumzinda wa Osaka, ena kunja kwenikweni. Taonani kumwambaku mmene kwayerera.”

“Kumwamba sikugumuka, abwana.”

Mayiyo anatsitsa mawu. “Akuluakulu anena kale kuti chaka chamawa kiyiyo ndipatse wa maondo abwino. Ine ndakhala ndikukuikirani kumbuyo. Lero mukatseka, ndikawauza chiyani?”

A Sakuji anatsikira m'dzenje muja, bondo lamanzere likukana, n'kudula njerwa ina. Kenako anapereka fosholo kwa mayiyo.

“Gogodani nokha. Pang'onopang'ono, ngati pakhomo pa apongozi.”

Mayi Ogino anagwada n'kuyamba. Kamodzi, kawiri, katatu. Atafika kachisanu ndi chiwiri, theka la pamwamba linatsetsereka lonse n'kuwagwera pamaondo. Mdalayo anatapa chipale cha pomwe panathyokapo n'kuwathira m'manja. Chinali timibulu touma, tosagwirana.

“Shuga ameneyu ndi wa chisanu cha sabata yatha. Chipale chonse chatsopanochi chagona pa iyeyu.”

Mlendo wina wa jekete yachikasu anafuula kuchokera pachingwe chotchinga chipata. “Madala, ndiye tidikire mpaka maluwa aphuke?”

“Amene sanadikire timawapeza nthawi imeneyo,” anatero a Sakuji osatembenuka.

Amene anayamba kuseka analekeza panjira.

Mayi Ogino anakhala chogwada kanthawi, akuyang'ana timibulu tija. Atadzuka anapita pachingwe, anawerama pamaso pa alendo, n'kunena kuti chipata sichitsegulidwa lero. Ena anang'ung'udza n'kutsika.

Otsalawo a Sakuji sanawasiye manja lende. Anasenza mtolo wa nsungwi zomangidwa nsalu zofiira kunsonga.

“Amene ali ndi fosholo, ndodo yofufuzira ndi kachipangizo kolira kopezera munthu wokwiririka, anditsate. Tilowa m'nkhalango ya kumadzulo, kulibe chiphedi. Muzitsika mmodzimmodzi. Tsinde la mtengo musaliyandikire, pamakhala dzenje. Pomwe chipale chabonyoka, pansi pali mtsinje. Wodutsa nsungwi zanga akadya yekha masana.”

Wa jekete yachikasu uja ndiye anali woyamba kuima kumbuyo kwawo.

Masana mdalayo anakhala pabenchi kuseri kwa kanyumba ka alonda, akudya mpunga woumba ndi msuzi wa soya wotchedwa miso, mwendo atautambasula. Mayi Ogino anabwera n'kukhala kumapeto kwa benchiyo.

“Akuluakulu aja andiimbira kawiri,” anatero.

“Mwawauza chiyani?”

“Kuti ndagogoda ndine. Kiyiyo akaifuna, abwere adzagogode okha.” Anatembenukira kwa mdalayo. “Mawa mukumba nthawi yanji?”

“Sikisi koloko. Mubwere ndi fosholo yanu, abwana. Yangayi sibwerekedwa kawiri.”