Tsiku limene tinasanduka mtengo wa bulugamu

Bambo akunyumba ankakonza mawailesi pa msika wa Mitundu, mafoni asanabwere kudzawalanda ntchito. Koma panali kawailesi kamodzi kamene sankalola munthu kukakhudza. Kakang'ono ngati mtanda wa sopo, sikaimba nyimbo, sikalengeza maliro. Kameneko n'kolankhulirana ndi anthu akutali, ndipo chiphaso chake cha boma amachisunga m'Baibulo pamodzi ndi khadi la kusikelo la mwana wathu woyamba. Salankhula ndi pakamwa ayi, amagogoda kachitsulo ndi chala, ti-ti-taa, wina kudziko lina n'kuyankha chimodzimodzi. Ine ndinkangoti nkhululu zawo.

Ndiye sitiroko inadzawagwira. Dzanja lamanja linafooka, mawu n'kumatuluka ngati ali ndi mbatata yamoto m'kamwa. Anthu obwera kudzazonda matenda ankafunsa ine kuti, “Agona bwanji?” eni ake ali pompo pampando. Basi anasiya kutuluka, ngakhale kutchalitchi. Akafuna kanthu ankalemba pakapepala ndi dzanja lamanzere, zilembo zake zokhota kuposa zanga, ine amene ndinalekeza sitandade faifi.

Tsiku lina anandipatsa kapepala: “Loweruka kuli mpikisano. Mundiperekeze. Komaliza.”

Mpikisano wake ndi wotere. Anthu a mawailesiwa m'mayiko ambiri amanyamula tiwailesi tawo kupita pamalo akale, panja, n'kumaitanizana ndi mphamvu yochepa, ya kabatire ka njinga yamoto basi. Amene wapeza anzake ambiri ndiye wapambana. Zopambanazo ine sindinasamale nazo. Chimene sindinachikonde ndi mawu akuti komaliza aja. Ndinadziwa kuti zikakanika, kawailesi kalowa m'sutikesi, eni akenso alowa kuchipinda osatulukanso.

Malo amene anasankha ndi balani yakale yowotchera fodya, ya njerwa, yomangidwa nthawi ya atsamunda pa esiteti ina cha ku Nathenje. Ndi pamene tinaonana koyamba. Ine kwathu ndi ku Phalombe, tinabwera pa lole ndi makolo kudzalima fodya ngati matenanti. Iwowa anabwera kudzakonza wailesi ya kapitawo, ndipo anaikonza katatu mwezi umodzi, wailesi yabwinobwino. Mayi anga ndi amene anayamba kuzindikira. Koma ndisatalikitse. Pambali pa balaniyo panali bulugamu wamtali, ndipo ndi amene ankamudalira, chifukwa waya wa kawailesiko umafunika ukwere m'mwamba, apo ayi mawu sapita patali.

Tinanyamuka m'mawa pa njinga zamoto ziwiri. Titafika tinapeza balani ilibe denga, makoma atsala ofika m'mapewa, njerwa anthu anatolatola. Bulugamu palibe. Patsala chitsa, ndi dothi lakuda pamene anawotcherapo makala. Bambo anakhala pachitsapo. Anatulutsa waya uja m'chikwama, kuuyang'ana, n'kuubwezeramo. Ine sanandiyang'ane.

Chapafupi panali chigafa choyanikamo fodya cha matenanti a masiku ano, nsungwi zitaunjikidwa pambali, amayi atatu ali pansi akusoka fodya. Ndinapitako.

“Odi kuno amayi. Tandibwerekani nsungwi zija, mikangala ingapo ndi linya.”

“Fodya wake ali kuti, agogo?” anafunsa wamng'ono pa onsewo.

“Ndikufuna kuyanika waya.”

Wamkulu wawo, amene ndinamva pa kalankhulidwe kuti ndi wakwathu kummwera, anaika singano pansi. “Madala akhala pachitsawo ndi anu? Ife timayesa abwera kudzayeza malo kuti atichotse.”

“Ndi anga. Ayeza chiyani, ndi thalauza lomwe ndimawayezera ine.”

Anaseka, n'kudzuka onse. Tinalumikiza nsungwi zitatu, polumikizira ponse n'kuikapo mikangala iwiri, ija timapachikapo fodya, kenako kukulunga linya mmene timamangira chigafa kuti chisagwe ndi mphepo. Zaka zonsezi osagwira fodya, koma manja anga sanaiwale. Ndinakatenga waya m'chikwama osapempha, n'kuumangirira kunsonga. Vuto linali nthaka. Inali nyengo ya mvula, dothi lofewa, ndiye tikazika, nsungwi zinkangopendama. Wamkulu uja anati, “Basi, mtengo ndife. Awiriawiri, tizisinthana.”

Bambo anatiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anayala chitenje changa pachitsa, kulumikiza batire, n'kuyamba kugogoda ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono. Kawailesi kankangoti shiii, ngati nyemba zikupserera. Agogode, amvetsere. Agogode, amvetsere. Dzuwa linakwera, ife tikusinthana kugwira nsungwi.

“Kodi akuitana ndani?” anafunsa wamng'ono uja.

“Aliyense amene amve,” ndinatero.

“Ndiye ali ngati ine pa nkhani ya banja.”

Ndinamva kuseka kumbuyo kwanga. Anali bambo, pakamwa pokhota pomwepo. Ndinali ndisanawamve akuseka chiyambire matenda.

Nsima ya masana itadutsa osadya, m'kati mwa shiii muja munamveka kamawu kena, kakang'ono ngati ka mwanapiye. Bambo anakweza chala kuti tikhale chete. Anagogoda, kaja kanayankha, anagogodanso. Atatha analemba pakapepala n'kutionetsa: “Joni.”

Wamkulu uja, manja ali pansungwi, anati, “Madala, mumufunse ngati wamuonako mwamuna wanga kumeneko. Wamfupi, wa dazi, wabodza.”

Tsiku limenelo anapeza anthu anayi okha, ndipo mpikisano sanapambane, ngakhale kuyandikira. Mvula itayamba kuchita mdima chakummawa tinatsitsa waya, kumasula linya n'kubweza zonse. Amayi aja anakana ngakhale ya sopo. Tikudikira njinga pamsewu, bambo analembanso kapepala: “Wa ku Joni uja sanadziwe kuti ndikudwala. Anangoti dzanja langa n'lofatsa.”

Lachitatu lotsatira ndinadzuka n'kupeza mpando wawo ulibe munthu. Ndinatuluka kukawafuna. Ndinawapeza kumsika, ndodo m'manja, akukangana ndi wogulitsa nsungwi, ndi pakamwa pomwe paja, wogulitsayo akuti, “Bwerezaninso bambo,” iwo n'kubwereza. Nsungwi zitatu zimene anagula tsikulo zili kuseri kwa nyumba pano, ndipo linya ndimasunga ine. Kapepala kakuti komaliza kaja ndinayatsira mbaula.