Chikhatho cha Bambo pa Galimoto ya ku Italiya

"Amake Tadala, bambo uyo akusisitiranji galimoto ngati mwana wodwala?" anandifunsa Mayi Phiri, aneba anga kuno ku Najma, kudziko la eni, tikudutsa pa galaja ina. Mmisiri anali atatsinzina, chikhatho chili pa galimoto yakalekale ya ku Italiya, yazitseko ziwiri.

Fungo la penti linandibwezera ku Limbe. Bambo anga, mmisiri wowongola magalimoto, anakokera pakhomo galimoto yotereyi, ya mzungu wa ku esiteti ya tiyi, itadyeka ndi dzimbiri. Anthu ankawaseka: "Achimwene, mwatola khola la nkhuku! Ikayenda imeneyi mudzatiitane."

Bambo ankasula chitsulo pa chitsa, kenako n'kutsinzina, n'kumachisisita. Ine ndinkayesa akuipempherera, ndiye ndinkagwada pambali n'kumati ameni.

"Dzuka, iwe," ankatero. "Maso amanama. Chikhatho ndicho chimamva pamene papindika."

Patatha zaka ziwiri injini inalira, galimoto ili psuu, oseka aja n'kuithamangira mpaka kumsewu. Kusukulu ndinali nditauza aliyense kuti ndi yathu. Mwini wake anabwera n'kupita nayo.

Lero ndikudziwa kuti ndinabadwa kwa katswiri. Tinatayapo ziwiri: khutu lamanzere la Bambo, lomwe linagontha ndi hamala, ndi mpando wakumbuyo wa galimoto ija umene ndinkachitirapo masanje.