Tsiku Limene Amayi Anasita Mbiri ya Zambia

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili mu Giredi 9, pamene amayi anga anafafaniza mbiri ya dziko lino ndi nsimbi ya makala. Anthu akamva zimenezi amaseka, amati Kondwani wayamba zake zija. Koma ine bodza sindilidziwa, ndipo nsimbiyo ikadalipo kwathu ku Kabwata, mu Lusaka, mutha kupita kukaiona. Ineyo sindinaionepo. Maso anga anazima ndili wamng'ono, chikuku chitandigwira, choncho zonse ndikuuzani pano ndinazidziwa ndi zala, makutu ndi mphuno.

Muyambe mwawadziwa amayi. Ankagwira ntchito yotayipa mu ofesi ina m'tauni, koma ntchito imene Mulungu anawalengera inali kusita. Ankasita masokosi, matawulo, ndi zingwe za nsapato zomwe. Mzere wa pa buluku la atate unali wakuthwa moti tsiku lina mpeni utasowa tinadulira matimati. Mphaka wa aneba anagona pa mulu wa zovala zochapa, ndipo anabwerera kwawo ali ndi mzere woongoka kuchokera pakhosi mpaka kumchira. Funsani aliyense pa mafulati athu. Kwa amayi chinthu chokwinyika chinali chinthu chochititsa manyazi, ndipo pa ine ndiye ankachita kuwirikiza. Ankati, "Banthu bakambe kuti mwana saona, koma basakambe ati alibe amake."

Kusukulu kwathu ife osaona tinali ndi chipinda chathu kumapeto kwa khonde, pafupi ndi zimbudzi, mwina kuti fungo lizititsogolera. Mphunzitsi wathu anali ba Chileshe, a ku Luapula, nawonso osaona. Mabuku a masamu ndi a Chingerezi olembedwa m'timadontho totupa, tija timawerenga ndi zala, tinali nawo angapo ochokera kunja. Koma mbiri ya Zambia ndani kunjako akanatilembera? Ba Chileshe analipanga okha bukulo. Akazi awo ankawerenga mokweza buku la ana oona, iwo akuboola pepala lolimba ndi kamsomali pa sileti, dontho limodzilimodzi. Zinawatengera zaka. Akazi awowo anamwalira chaka chimene bukulo linatha, ndipo linalipo limodzi lokha.

Buku la madontho si lofanana ndi lanu. Tsamba lanu limodzi kwa ife ndi masamba angapo okhuthala. Lathuli linali mtolo womangidwa ndi zingwe, wolemera moti kondakitala wa minibasi anandiuza kuti ndiulipirire mpando. Pakati pake panali mapu. Malire a dziko anali ulusi womatidwa ndi guluu, Zambezi anali chingwe cha nsapato, Lusaka linali batani la shati. Mpaka lero munthu akati Lusaka, ine ndimamva kanthu kozungulira ka mabowo anayi kunsonga kwa chala.

Mayeso atayandikira, ba Chileshe analamula kuti tizitenga bukulo kunyumba mosinthana. Pambuyo pa ine panatsala munthu mmodzi, Mutinta. Anali mtsikana wa ku Makeni, wanzeru kutiposa tonse, ndi pakamwa pake pomwe. Makolo ake anamwalira, ankakhala ndi azakhali ake ogulitsa ndiwo zamasamba, repu ndi chibwabwa, pamsika. Chaka chimenecho anajomba kwambiri chifukwa womuperekeza kukakwera basi ankasowa. Bukulo anali ataliwerenga m'kalasi mpaka pa mutu wa Fedeleshoni, nthawi ija atsamunda anamanga maiko atatu mtolo umodzi. Zotsatira zonse anali asanazikhudze. Azakhali ake anali atanena poyera kuti akapanda kupeza malo ku Giredi 10, sukulu yathera pomwepo. N'chifukwa chake ba Chileshe anamuika komalizira, kuti akhale nalo mpaka tsiku la mayeso.

Lachisanu lija ndikunyamula mtolowo, Mutinta anandikoka malaya. "Iwe Kondwani, usadyelepo vitumbuwa pa buku. Nikapeza mafuta pa ufulu wa ziko, nizakupaya."

Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha. Madzi ku Kabwata ankabwera mwa apo ndi apo moti mlongo wanga wamng'ono ankaganiza kuti mpopi ndi chokolekapo thawulo. Pa mafulati ponse mwambo unali umodzi: kusiya mpopi wotsegula, ndowa ili pansi, kuti madzi akabwera mumve. Pa Sabata m'mawa tinapita kutchalitchi banja lonse, ndipo ife a Sabata tikapita timapita ndithu, ndi chakudya chomwe, mpaka dzuwa litapendeka. Madzi anasankha tsiku lomwelo. Pobwera, ndodo yanga inachita kusambira pakhomo. Bukulo linali mu katoni pansi pa bedi langa.

Ndinalitulutsa lili lofewa ngati buledi woviika mu tiyi. Ndinakhudza tsamba limodzi. Madontho analipo, ofooka koma analipo. Ndinamasula zingwe, n'kuyala masambawo patebulo ndi pamipando kuti aume okha. Kutacha anali atapindikapindika ngati fodya wouma, koma ankawerengeka. Atate ananditenga kukameta tsitsi, ndipo palibe anaganiza zowauza kanthu amayi.

Pobwera ndinamva fungo tisanafike pakhomo: makala, ndi china chake ngati chopserera. Magetsi anali atazima mwa masiku onse. M'nyumba amayi ankaimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi, ija ankaimba mtima ukakhala pamalo.

"Bwela ugwile, Kondwani," anatero. "Nakukonzela buku ya ba ticha. Yenze yaipa maningi, sembe tachita nsoni. Nachisa na nsimbi, pepa imozi imozi."

Ndinaika dzanja. Sindinakhudzepo pepala losalala chotero chibadwire. Chala chinayenda kuchokera kuno mpaka uko osapunthwa pa kanthu. Ndinatenga lina, ndi linanso. Angoni aja anawoloka Zambezi tsiku la kadamsana kunalibe. Migodi kunalibe, msonkho kunalibe, ufulu kunalibe. Pa mapu guluu anali atasungunuka. Zambezi amayi anamusita payekha n'kumukulunga bwinobwino, ndipo Lusaka anali atamuika mu kachitini ka singano kuti asataike.

"Mami, vilembo vili kuti?"

"Si ivi? Navichisila kumbuyo na nyula pamwamba, monga mwamene timachitila na nyula ya maluba. Madoti yonse yaoneka."

Amayi sanali wopusa. Ankadziwa kuti ndimawerenga timadontho. Anachita zimene wodziwa kusita aliyense amachita ndi nsalu yopeta maluwa: kuitembenuza, kuyala kansalu konyowa pamwamba, n'kusita kumbuyo kuti maluwawo atumphuke bwino. Koma pepala si ulusi. Diso lawo linkaonadi zipsera za madontho, mizere yonse ili m'malo mwake. Chala changa sichinkapeza kanthu.

Ndinatenga chala chawo n'kuchiyendetsa pa tsambalo. Ndinangomva nsimbi ikuikidwa pansi pang'onopang'ono, kenako iwo akukhala pa simenti yonyowa ija ndi diresi lawo lositasita. Atate anati akupita kukagula nyuzipepala, ngakhale ndinali nditaimva ikukhwechera m'khwapa mwawo njira yonse.

Lolemba amayi sanapite kuntchito. Anakulunga mtolowo mu chitenje, anausenza pamutu, ndipo titafika m'kalasi anagwada pamaso pa ba Chileshe ana onse akumva. Ba Chileshe anamasula chitenjecho n'kuyamba kusisita masamba. Sanalumphe ndi limodzi lomwe. M'chipindamo munkangomveka pepala likutembenuzidwa, ndi mpira wa ana oona kubwalo. Atafika tsamba lomaliza anati kwa amayi, "Bana Kondwani, mwachisa bwino." Kenako anagogoda tsambalo ndi chala. "Mukazi wanga enze na mau yabwino pobelenga. Nenze kuyamvela apa."

Kumbuyo kwa kalasi Mutinta anafunsa, "Ba ticha, ndiye buku yabwela iyo?"

"Ni mapepa chabe, mwana wanga."

Musaganize kuti anthu anapinda manja. Ba Chileshe ankatsala nafe tikaweruka, akunena zimene ankakumbukira, koma Mutinta ankabwera tsiku lino, mawa ayi. Amayi anagula buku la ana oona. Akachoka kuntchito ankakwera mabasi awiri kupita ku Makeni, n'kukhala pa benchi kuseri kwa nyumba ya azakhali aja, akumuwerengera Mutinta mpaka kuwala kutawathera. Akafika kunyumba ankandiwerengeranso ine. Koma ine ndinali mwana wawo. Ndinkatha kuwaimitsa kakhumi pa mzere umodzi, kuwatsatira kukhitchini, kuwafunsa ali m'bafa. Mutinta sakanatero. Anadzandiuza yekha patapita nthawi: koyamba ankati, "Bwelezaniko, ba mami." Kachiwiri ankatero ndi mawu aang'ono. Kachitatu ankamva mpweya wa munthu wotopa amene akuganiza za basi yobwerera, ndiye ankangoti wamva. Iye anali munthu wophunzira ndi zala. Chinthu ankachidziwa akachibwerera yekha, nthawi yake, mpaka chitakhazikika.

Zotsatira zitatuluka, ine ndinapeza malo ku Giredi 10. Mutinta anatsala pang'ono, ndipo phunziro limene linamukokera pansi linali la mbiri. Mwina akanatsalabe ngakhale bukulo likanakhalapo, popeza anajomba kwambiri. Tonse tinawauza amayi mawu amenewa. Amayi mawu oti "mwina" sanawalandire. Azakhali aja nawo anasunga mawu awo.

Amayi anakabwereka sileti ndi kamsomali kwa ba Chileshe. Anaphunzira zilembo zathu ali munthu wamkulu, ndipo zilembozo zimabooledwa kumbuyo kwa pepala, kuyambira kumanja kupita kumanzere, kuti zitupire kutsogolo. Munthu amene moyo wake wonse ankasalaza zinthu anayamba kuzitupitsa dala. Nyumba yathu inkalira ngati muli nkhuku yojompha chimanga. Chala chawo chinachita chikanga cholimba moti singano ankapindika akachikhudza, ndipo izi ndinazimva ndi makutu angawa. Anamaliza chaka chotsatira. M'buku lawo Angoni anawoloka Zambezi kawiri, chifukwa tsamba lina analibwereza, koma ba Chileshe anati palibe vuto, mtsinjewo ndi waukulu.

Asanalipereke kusukulu, amayi ananyamula bukulo kupita nalo ku Makeni. Anapeza azakhali aja akumanga repu. "Manje buku azachita nayo chani?" anafunsa azakhaliwo, osati mwaukali. "Ali mu tauni, agulisa maswiti."

Lero ndimagwira ntchito yopanga mabuku a madontho ndi makina. Makina amaboola pa tsiku limodzi zimene ba Chileshe ankaboola mwezi wathunthu, komabe mabuku a mbiri ya dziko lino ofika m'manja mwa ana osaona ndi ochepa, ndipo amafika mochedwa. Anzanga kuntchito amanditcha wovuta chifukwa sindilola buku kutuluka lili limodzi. Amayi akalamba, amasitabe chilichonse choyenda ndi chosayenda, koma pepala salikhudza, ngakhale envulopu.

Kale ndinkaganiza kuti nkhaniyi ndi ya nsimbi. Tsopano ndikuona kuti nsimbi inangopeza zinthu zitaipa kale. Ana oona akanataya buku lawo m'madzi, akanabwereka la mnzawo. Ife mbiri yonse ya dziko lathu inali mu katoni imodzi pansi pa bedi la mwana. Ndipo kuwerengeredwa ndi munthu, ngakhale wokukonda chotani, ndi kupempha, ndipo wopempha amachita manyazi kubwereza. Buku silitopa, silithamangira basi. Mwana wopanda buku loti alibwerere ndi chala chake amamva mbiri ya dziko lake ngati nkhani ya aneba yodutsa pakhoma.

Mutinta amakhala pa khonde la sitolo ina m'tauni, kathireyi ka maswiti kali pamiyendo. Ndikamadutsa amandizindikira ndisanayankhule.

"Ndiwe Kondwani. Namvela fungo ya nsimbi. Ba mami bakali kukuchisa?"

"Bakali."

"Ubapase moni. Manje niuzeko, iwe wamene unapasa. Ufulu uja tinautenga? Ine ninasilila pa Fedeleshoni."

Amaseka akatero, kuseka kwake komwe kuja kwa kumbuyo kwa kalasi. Ine amene ndili ndi yankho pa chilichonse, amene ndinakuuzani za mphaka wa mzere pamsana osaphethira, pamenepa ndimangopisa dzanja m'thumba. Ndimagula maswiti, ngakhale adokotala anandiletsa shuga.