Mayi a Pakhomo: Ankatuluka Okha, Pobwera Awiri

Abale mwa Ambuye, maliro ndaona ambiri, koma a Mayi a Pakhomo ndachokako mtima ukudumpha ndi chimwemwe!

Anabadwa ndi mawanga pakhungu, ndipo atasinkhuka, tizotupa tinawamera thupi lonse. Anzawo akamawasala kusukulu, iwo ankathawira kukwaya. Anakwatiwa ndi kalipentala, koma zaka zinadutsa kumsana kuli mbee. Madokotala anapeza kuti ndi matenda akumtundu, omeretsa zotupa m'mitsempha, ndipo zina zinali m'chiberekero ndi m'chikhodzodzo. Chiberekero anachichotsa. Chikhodzodzo chinatsala chosasunga madzi, moti theka la ola linkawatalikira.

Mantha awo anali amodzi: kuti matendawa awalekanitsa ndi tchalitchi.

"Bwanji osangokhala pakhomo? Mulungu amamva paliponse," anatero amuna awo.

"Kumva amamva, koma nanenso ndikufuna ndizimumva!"

Anasankha benchi yomaliza, pafupi ndi khomo la tchalitchi, ndipo dzina lija linachokera pamenepo. Misa imodzi ankatuluka katatu. Ife amiseche, Mulungu atikhululukire, tinkachita kuwerenga.

Komatu panjapo ankapeza anthu oopa kulowa: mtsikana wobisa pakati, bambo wonunkha mowa wa dzulo, mayi wamanyazi ndi nsapato zong'ambika. Pobwerera ankangogwira mmodzi wa iwo mkono: "Tiyeni tilowe, inenso ndachedwa."

Mayiwa atakalamba, ife akomiti, mwa nzeru zathu zakuya, tinawagulira mpando wawofuwofu n'kuuika kutsogolo kwenikweni. Anaseka mpaka misozi. "Ana inu, mukufuna ndizidutsa mpingo wonse katatu? Nanga apanja aja awatenge ndani?" Tinaubweza mpandowo mitu ili pansi.

Anatisiya Lachiwiri m'mawa, mwakachetechete, korona ili m'manja. Pa Misa ya maliro bambo mfumu anati aliyense amene analowetsedwa ndi mayiwa aimirire. Abale, mabenchi analira! Aphunzitsi, anamwino, mkulu wa kwaya, mtsikana uja ndi adzukulu ake! Akalipentala anatembenuka, nayamba kuwerenga oimirirawo ndi chala, n'kulekera panjira. Misozi ili chuchuchu, anafuula: "Ndiye ankati tilibe ana!"

Inenso ndinaimirira. Wonunkha mowa uja ndinali ine.

Lamulungu lino mundipeza pa benchi yomaliza. Mukachedwa, musabwerere.