Mpira wa pa Kompyuta ya Amalume

Fungo la waya wopserera limandibwezera ku Migowi, m'chipinda cha amalume anga a Fredisoni, pa tchuthi cha Ogasiti ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Inali nyengo ya nandolo. Makoko ankathetheka padzuwa pabwalo ponse, mphepo ikulowetsa fumbi paliponse, ngakhale m'mano.

Tchuthi chimenecho kunabwera msuweni wanga Yamikani wa ku Blantyre, atanyamula kabokosi kakuda ka magemu. Kanalibe chinyengo kabokosiko. Ukalumikiza mawaya awiri ku wailesi yakanema, kudina batani, basi mpira wayamba. Tsiku ndi tsiku Yamikani ankandikwapula, lero zigoli zisanu, mawa zisanu ndi ziwiri, n'kumanena kuti zala za atsikana akumudzi zimangodziwa kusenda chinangwa. Mtima unkandiwawa zedi. Ndinalumbira kuti sabwerera kwawo ndisanamugonjetse.

Amalume anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni. Ntchito analibe, koma anali ndi kompyuta yolumikiza okha, chiwalo ndi chiwalo. Atandipeza ndikulira kuseri kwa nyumba, anaseka.

"Kabokosiko ndi malaya a pakaunjika, umavala mmene wawapezera," anatero. "Yangayi ndi telala. Ndikusokera wosewera wako, wa dzina lako, wothamanga kuposa onse."

Ine ndinaganiza kuti nkhani yake ndi ya mawa. Ayi ndithu. Kompyutayo inakhala chitsegulire pamphasa masabata atatu, matumbo ali pamtunda. Lero akuchotsa fumbi ndi nthenga ya nkhuku, mawa akusintha kachitsulo kena, mkucha magetsi azima. Kachipupizo ka m'kati katafa, anandiuza kuti ndiziikupizira mphepo ndi lichero kuti isatenthe. Amayi anasakasaka licherolo mudzi wonse, nandolo akudikira kupeta, ndipo atalipeza anatikalipira tonse awiri ngati ana amsinkhu umodzi. Panthawiyi kuchipinda chochezera Yamikani ankangodina batani lake, ine n'kupita kukalandira zigoli zanga za tsikulo.

Ntchitoyo inatheka m'mawa wa tsiku limene Yamikani ankanyamuka, chikwama chili kale pakhomo. Pagalasi panatuluka wosewera wa jezi yobiriwira, kumsana atalemba kuti TADALA, dzina langa. Pompo ndinaitana Yamikani, tinayamba mpira.

Koma telala uja anapyola muyeso. Tadala wa pagalasiyo ankathamanga mopanda mabuleki. Ndikangokhudza batani, uyo wadutsa otchinga kumbuyo, wadutsa goloboyi, wadutsa golo yomwe, watuluka nawo mpira kunja. Kasanu konse. Yamikani anaseka mpaka misozi, mwakuti nayenso analephera kumwetsa ngakhale chimodzi. Amalume anali chiimire kumbuyo kwanga, thukuta kamukamu.

"Taimani kaye, ndichepetse pang'ono liwiro," anatero, dzanja likupita kale ku sikuludiraiva.

"Musaigwire, amalume," ndinawakaniza. "Chonde musaigwirenso."

Mpira unatha opanda wogoletsa. Wakabaza anali akuimba belu panja, ndipo Yamikani anakwera njinga akusekabe. Ine ndinathamangira kwa amayi kukawauza kuti lero sanandigonjetse, ndipo sabata yonse ndinayenda motukumula chifuwa.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati amalume anandichedwetsa, kuti akanafulumira ndikanaphunzira kumugwira Tadala wangayo n'kuwina. Panopa ndikakumbuka, m'masabata atatu onsewo sindinawaonepo akusewera gemu ngakhale kamodzi. Pamudzi anthu ankawanena kuti anabwera ku Joni chimanjamanja, ndipo palibe ankawatuma kanthu. Ine ndekha ndi amene ndinkagogoda pachitseko chawo m'mawa uliwonse kufunsa ngati ntchito yatha, ndipo ndikukayika ngati ankafuna kuti ithe.