Dziwe la Mehlab ndi Mkulu Wake

Mehlab anakwatiwa kwathu kuno, kumadzulo kwa mapiri a Kirthar, akali mtsikana. Mkulu wake Durnaz anakwatiwa kuseri, kum'mawa. Pakati pawo panali miyala yokhayokha, ndi dziwe limodzi pansi pa thanthwe, lomwe siliphwa ngakhale mvula ikane bwanji.

M'miyezi imene dzuwa limaswa mtengo, zitsime zikauma, ife ndi a kuseriwo tinkakumana kumeneko ndi mbuzi zathu. Amuna ankalimbirana kuti ayambe kumwetsa ndani. Mehlab ndi Durnaz ankakhala pamthunzi wa thanthwe, kupesana tsitsi, kuphika buledi pamwala wotentha, kujeda apongozi awo monong'ona. Mehlab sanaone mwana, choncho ana a Durnaz ankawasambitsa ndi kuwakalipira ngati ake.

Chaka china a kuseri sanabwere. Wogula zikopa wina ndiye anatiuza kuti anagulitsa mbuzi n'kusamukira kumzinda wa Karachi, komwe amuna ankanyamula njerwa. Pang'ono ndi pang'ono ifenso tinatsikira kufupi ndi msewu, komwe kuli mjigo. Koma Mehlab, ngakhale mwamuna wake Gohram atamwalira, ankakwerabe yekha kudziwe kuja ndi timbuzi take ndi bulu. Tikamuletsa, ankati madzi a pamjigo amamupotokola m'mimba.

Atachita imvi, kunamveka uthenga woti Durnaz akubwera kudzaona dziwelo ndi adzukulu ake. Mehlab anatsogolako kudakali masiku. Anasesa pamthunzi paja, nakonza chambiko m'thumba lachikopa.

Alendowo anafika masana, galimoto ataisiya kumunsi kwa chigwa. Durnaz anakwera mogwiriziridwa, ali wefuwefu, magalasi ali kumaso. Anakumbatirana nalira. Adzukulu anavula nsapato n'kumajambulana m'madzi, akulankhula Chiurdu, chilankhulo cha kumzindako, chimene Mehlab sankachimva. Chambiko chija anangochinunkhiza, n'kutsekula mabotolo awo a zakumwa.

"Wauma ngati chikuni iwe," anatero Durnaz. "Tiye kwathu. Kuli madokotala, kuli magetsi."

"Nanga mbuzizi, achemwali?"

"Mbuzi zidzakuika m'manda?"

"Gonani kuno lero lokha. Mkeka ndabweretsa wokwana awiri."

Durnaz anayang'ana mdzukulu wake wamkulu. Iye anati sizitheka: msewu ndi woipa, ndipo galimoto ndi yobwereka. Tiyi anamwa choimirira. Ponyamuka, Durnaz anamusiyira mng'ono wakeyo mpango watsopano ndi mankhwala opaka m'mawondo.

Mehlab anatola mabotolo ndi mapepala onse, anamwetsa mbuzi, nakhala komweko mpaka ufa unamuthera. Atatsika, tinamuzungulira kufuna kumva za mkulu wake. Anati ali bwino, wanenepa, adzukulu ndi ataliatali. Zina zonsezi anadzandiuza ine patapita nthawi, tikutola nkhuni. Tsiku limene anatsikalo anangondipempha singano yaikulu, chifukwa lamba wa bulu anali ataduka panjira.